Lipoti la Msonkhano wa Ofufuza za Cheza ndi Kuika Kapamba M'thupi la Nyama

A Wapampando, a Mlembi ndi mamembala nonse a komiti yathu yowunika kafukufuku wochitidwa pa nyama,

Munandituma ku msonkhano wa masiku atatu wa akatswiri ofufuza za kuika ziwalo m'thupi kuti ndikakhale maso ndi makutu anu, ndipo munandisenzetsa funso limodzi. Munati ofufuza akadzabwera ndi pempho loti awotche nyama ndi cheza pofuna kuti thupi lisakane kapamba wochokera kwa nyama ina, komiti ino idzawafunse chiyani isanavomere. Ndinakhala nawo pa zokambirana zonse zokhudza kapamba kupatula chiyambi cha chigawo cha masana a tsiku lachiwiri, chimene okonza msonkhano anachisamutsira m'chipinda china popanda kulengeza, moti ndinatha mphindi 20 ndikumvetsera nkhani ya mapapo ndisanazindikire kuti ndasochera. Zomwe ndinaphonya pamenepo ndinazitola pofunsa wokamba nkhaniyo madzulo ake.

Ndiyambe ndi kukonza mawu, chifukwa m'chinenero chathu dzina loti kapamba limagwira ziwalo ziwiri. M'lipoti lino kapamba ndi chiwalo chogona kuseri kwa chifu, chimene chimatulutsa timadzi togaya chakudya komanso insulini, yomwe imatsitsa shuga m'magazi. Chinacho, cha kumanzere pansi pa nthiti, chimene chimasefa magazi ndi kusunga asilikali a m'thupi, ndizichitchula ndi dzina la madokotala loti spleen. Ndikamati cheza ndikunena mphamvu yosaoneka ija yomwe kuchipatala amawotchera khansa, kaya yochokera ku makina a X-ray kaya ku cobalt-60 kapena caesium-137. Muyeso wake ndi gray, wolembedwa Gy, ndipo zolemba zakale zimagwiritsa ntchito rad, pamene ma rad 100 ndi 1 Gy. Kuti muone kukula kwa muyesowu, anthu akalandira 4 kapena 5 Gy thupi lonse nthawi imodzi popanda chithandizo, pafupifupi theka la iwo amafa.

Matenda a shuga a mtundu woyamba amadza maselo opanga insulini akatha. Maselowa anaunjikana m'timagulu ting'onoting'ono tomwe Paul Langerhans anatiwona koyamba ku Berlin mu 1869, ndipo timatchedwa tizilumba ta Langerhans. M'kapamba wa munthu muli tizilumba pafupifupi 1 miliyoni, komabe tonse pamodzi sitipitirira magawo 2 pa 100 a kulemera kwa chiwalocho. N'chifukwa chake pali njira ziwiri zobwezeretsera insulini: kuika kapamba wathunthu kapena chidutswa chake n'kusoka mitsempha ya magazi, kapena kusungunula kapambayo ndi mankhwala a collagenase, kutola tizilumba tokha n'kutithira m'thupi. Njira yachiwiriyi inakhazikika ndi ntchito ya Paul Lacy ku St. Louis, yemwe mu 1967 anasonyeza katoledwe ka tizilumba ta makoswe, ndipo mu 1972 iye ndi Walter Ballinger anasonyeza kuti tizilumba toikidwa timatsitsa shuga wa khoswe wodwala. Nyama zakhala pakati pa nkhaniyi kuyambira kale, pakuti ndi pa galu pamene Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anaona mu 1889 kuti kuchotsa kapamba kumadwalitsa shuga.

Wokamba woyamba, dokotala wa opaleshoni wachikulire, anayamba ndi maliro m'malo mwa zipambano, ndipo ndikuona kuti anachita bwino. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kunalibe mankhwala odalirika ofooketsa chitetezo cha m'thupi, choncho madokotala a ku Boston ndi ku Paris anayesa kuwotcha thupi lonse la wodwala asanamuike impso. Ganizo lawo linali ndi maziko. Maselo oyera a mtundu wa lymphocyte, amene ndiwo asilikali okana chiwalo chachilendo, ali m'gulu la maselo osachedwa kufa ndi cheza, moti amafa ngakhale pamene sakugawikana. Komanso mu 1955 Joan Main ndi Richmond Prehn anali atasonyeza kuti mbewa yowotchedwa kwambiri n'kupatsidwa mafuta a m'mafupa a mbewa ina imalandira khungu la mtundu wa mbewa yoperekayo. Koma mwa odwala 12 amene gulu la Joseph Murray linawawotcha ku Boston, mmodzi yekha ndiye anakhala ndi moyo wautali, bambo wachinyamata yemwe mu 1959 analandira impso ya m'bale wake wobadwa naye mapasa koma wosafanana naye. Ambiri mwa enawo anatengedwa ndi tizilombo tolowa m'thupi lotsala lopanda mlonda. Mankhwala ofooketsa chitetezo a azathioprine atafika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, njira yowotcha thupi lonse inasiyidwa, ndipo palibe amene anaidandaula.

Kapamba woyamba kuikidwa mwa munthu anaikidwa mu December 1966 ku yunivesite ya Minnesota ndi William Kelly ndi Richard Lillehei. Wodwalayo, mayi yemwe analandiranso impso, anatha masiku 6 osabaya insulini, koma pambuyo pake chiwalocho chinachotsedwa. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti pa opaleshoni imeneyi cheza cha cobalt chinagwiritsidwanso ntchito, koma cholinga chake chinali china, chomwe ndi kuumitsa timadzi togaya chakudya kuti tisadye wodwalayo m'kati. Ndatchula izi chifukwa m'zolemba zakale mawu oti kapamba anawotchedwa amatanthauza zinthu zosiyana, ndipo wowerenga mothamanga akhoza kusokoneza.

Cheza chinabwerera m'kafukufukuyu kudzera pa khomo la khansa. Ku Stanford, Henry Kaplan ankachiza khansa ya Hodgkin powotcha timibulu ta mwanabere ta m'khosi, m'khwapa, pachifuwa, m'mimba ndi m'mphechepeche, pamodzi ndi spleen ndi thymus (kachiwalo ka kuseri kwa fupa la pachifuwa), kwinaku akuphimba ziwalo zina ndi mtovu, ndipo chezacho ankachipereka pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Odwala ake ankatsala ndi chitetezo chofooka kwa nthawi yaitali, koma sankafa ndi kutha kwa magazi, popeza mbali yaikulu ya mafuta a m'mafupa inkatetezedwa. Mu 1976 ndi 1977 Shimon Slavin, Samuel Strober, Zvi Fuks ndi Kaplan mwiniwake anatengera pa mbewa njira imeneyi, yomwe imadziwika mwachidule kuti TLI (total lymphoid irradiation). Mbewa iliyonse inkalandira 2 Gy maulendo 17, kukwana 34 Gy, mutu, mapapo, miyendo ndi mchira zili zophimbidwa. Khungu lochokera kwa mbewa ya mtundu wina, lomwe limauma n'kugwa pasanathe milungu iwiri, linkakhala milungu ingapo. Mbewa zimene zinapatsidwanso mafuta a m'mafupa a woperekayo cheza chitangotha zinasunga khungulo miyezi yambirimbiri popanda mankhwala ena, ndiponso popanda mafutawo kuukira thupi la wolandira, lomwe ndi tsoka lodziwika la kuika mafuta a m'mafupa. Patapita zaka gulu la Strober linasonyeza chifukwa chake, chomwe n'chakuti TLI sipha asilikali onse mofanana. Amafa mochuluka ndi maselo a T wamba, omwe ndi mtundu wina wa ma lymphocyte, pamene mwa otsalawo mumachuluka mitundu imene ntchito yake ndi kuleretsa ndewu, monga maselo a NKT ndi ma T oletsa anzawo. Mfundo imeneyi ndi imene ndinabwera nayo kuposa ina iliyonse. Phindu la cheza silili pa kuchuluka kwa asilikali amene chapha, popeza asilikaliwo amabadwanso pakatha milungu. Lili pa kanthawi kochepa komwe gulu lankhondo lasokonezeka, ndipo zotsatira zake zimadalira chimene ofufuza achita m'kanthawi kameneko.

M'mawa wa tsiku lachiwiri anatitengera m'nyumba yosungira nyama za kafukufuku. Sanatisonyeze nyama yamoyo ikuwotchedwa, koma anagwiritsa ntchito kachidole kapulasitiki kofanana ndi mbewa. Mayi wina wogwira ntchito m'nyumbamo anagoneka kachidoleko chagada m'kabokosi ka mtovu kokhala ndi zenera lodulidwa motsatira khosi, pakati pa chifuwa ndi mimba, kenako n'kupinda miyendo ndi mchira kuti zilowe pansi pa mtovu. Kabokosiko n'kakang'ono koma nditayesa kukanyamula ndi dzanja limodzi ndinalephera. Mayiyo anatikumbutsa kuti mbewa yamoyo singagone phee chomwecho, choncho ulendo uliwonse iyenera kugonetsedwa ndi mankhwala, kutanthauza kuti maulendo 17 a cheza ndi maulendo 17 a mankhwala ogonetsa. Ndinali nditawerengapo za TLI kangapo, koma chiwerengero chimenechi sichinandilowe mumtima mpaka nditaona kabokosi kaja. Kenako tinasuzumira m'maikulosikopu tizilumba tothiridwa utoto wa dithizone, umene umagwira zinc wa m'maselo opanga insulini, ndipo tinkaoneka ngati timikanda tofiira tomwazika pakati pa zinyenyeswa zotuwa. Pa mbewa tizilumbati amatilowetsa pansi pa kachikopa kopyapyala kokuta impso, ndipo pambuyo pake amabaya kunsonga kwa mchira n'kudonthezera magazi pa kamakina koyezera shuga, kofanana ndi kamene odwala amayenda nako. Nyama ikatha masiku 100 shuga ali bwino, ofufuza ambiri amati chiwalo chalandiridwa. Umboni weniweni umabwera akachotsa impso yonyamula tizilumbayo. Shuga akakweranso ndiye kuti tizilumba toikidwa ndi tomwe tinkagwira ntchito, koma akapanda kukwera ndiye kuti kapamba wa mbewayo anatsitsimuka yekha, zomwe zimachitika nthawi zina ngati matendawo anayambitsidwa ndi mankhwala a streptozotocin, omwe amapha maselo opanga insulini.

Pa nyama zikuluzikulu, ntchito yomwe inatchulidwa mobwerezabwereza ndi ya ku South Africa ya zaka za m'ma 1980, yochitidwa pa anyani a mtundu wa chacma. Ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, J. A. Myburgh ndi anzake anayesa TLI poika impso ndi chiwindi, ndipo anapeza kuti kuonjezera cheza sikunaonjezere phindu. Muyeso wochepa, pafupifupi 8 Gy wogawidwa m'tizigawo, ndi umene unachititsa anyani ena kusunga impso kwa nthawi yaitali popanda mankhwala. Ku yunivesite ya Stellenbosch, pa chipatala cha Tygerberg, D. F. du Toit ndi anzake anayesa pa kapamba. Ankachotsa kapamba yense wa nyani kuti pasakhale kukayikira za komwe insulini ikuchokera, n'kumuika chidutswa cha kapamba wa nyani wina. Popanda chithandizo chidutswacho chinkakanidwa pasanathe milungu iwiri, koma kuphatikiza cheza ndi cyclosporine, mankhwala ofooketsa chitetezo amene anali atangofika kumene m'zipatala, kunatalikitsa moyo wake moonekeratu. Mtengo wake unagwa pa anyaniwo, chifukwa ankaonda, magazi ankachepa ndipo matenda ankawalowa mosavuta, pamene kulolera kokhalitsa komwe kunaoneka pa impso sikunabwere mophweka pa kapamba. Pali vuto linanso lokhudza kapamba weniweniyo. Maselo opanga insulini sagawikana kawirikawiri, choncho amapirira cheza kuposa ma lymphocyte, koma kupirirako kuli ndi malire. Kafukufuku wa mu 2012 wa anthu a ku France ndi Britain amene anachira khansa ali ana anasonyeza kuti omwe cheza chinafika kumchira kwa kapamba wawo ankadwala shuga kwambiri atakula. Choncho ngati cheza chiperekedwa chiwalo chitaikidwa kale, wofufuza ayenera kunena momwe achiphimbire.

Njira ina imasiya wolandira osamukhudza n'kuwotcha chiwalo chenichenicho chisanaikidwe. Mu 1957 George Snell anapereka ganizo loti chimene chimaputa kwambiri thupi la wolandira ndi maselo oyera a woperekayo amene amakwera nawo m'chiwalocho. Pambuyo pake zinadziwika kuti oputa aakulu ndi maselo a dendritic, omwe Ralph Steinman anawafotokoza mu 1973, ndipo ntchito yawo ndi kunyamula zizindikiro za mwiniwake n'kukazionetsa kwa asilikali. Mu 1984 Henry Lau, Keith Reemtsma ndi Mark Hardy a ku yunivesite ya Columbia ku New York anaunika tizilumba ta makoswe ndi cheza cha UV-B, chomwe ndi mbali ya kuwala kwa dzuwa imene imawaula khungu, pa muyeso wa ma joule 900 pa sikweya mita imodzi. Tizilumbato tinapitiriza kupanga insulini, ndipo makoswe olandira sanatikane ngakhale sanapatsidwe mankhwala aliwonse. Pa mitundu ina ya makoswe yokana mwamphamvu panafunika kuonjezera cyclosporine kwa masiku ochepa. Kwa komiti ngati yathu njirayi ndi yokopa, chifukwa nyama yolandira simva cheza n'komwe. Koma UV-B salowa patali, moti amathandiza pa kachilumba komwe kukula kwake ndi pafupifupi 0.15 mm m'mbale yagalasi, osati pa kapamba wathunthu. Mpata wa pakati pa muyeso wothandiza ndi muyeso wopha tizilumbato ndi wopapatiza, ndipo pa agalu ndi apusi zotsatira zake sizinafike pa zomwe zinaoneka pa makoswe.

Funso loti n'chifukwa chiyani chipambano chimafota nyama ikamakula linatenga theka la m'mawa wa tsiku lachitatu, ndipo mayankho awiri anandikhutiritsa. Loyamba n'lakuti thupi lili ndi njira ziwiri zozindikirira mlendo. Ngakhale maselo okwera nawo aja atafa onse, maselo a dendritic a wolandirayo amatola zinyenyeswa za chiwalo chachilendo n'kukazionetsa okha kwa asilikali, ndipo njira yachiwiriyi cheza chowotcha chiwalo sichiikhudza. Lachiwiri n'lakuti mbewa ya m'chipinda chofufuzira imabadwira ndi kukulira m'bokosi loyera, momwe sinakumanepo ndi matenda ambiri, choncho asilikali ake ndi anamwali pankhondo. Nyani wogwidwa kutchire, monganso munthu wamkulu, ali ndi maselo a T ambiri okumbukira matenda akale, ndipo ena mwa iwo amasokoneza chiwalo chachilendo ndi mdani wakaleyo. Maselo okumbukirawa amapirira cheza kuposa anzawo atsopano. Wina anaonjezera kuti si chiwalo chilichonse cholephera chomwe chakanidwa. Kapamba wathunthu amatayika kawirikawiri m'masiku oyamba chifukwa cha magazi kuundana m'mitsempha yake, ndipo tizilumba tothiridwa mumtsempha wolowa m'chiwindi timafa tambiri m'maola oyamba chifukwa magazi amatiundira, monga ofufuza a ku Uppsala anasonyezera. Pa mavuto awiriwa cheza chilibe chonena.

Komwe kafukufukuyu akulowera tsopano ndi kusakaniza mafuta a m'mafupa. Mu 1945 Ray Owen anaona kuti ana a ng'ombe obadwa mapasa amakhala ndi magazi a wina ndi mnzake moyo wonse popanda kukanana, ndipo mu 1953 Peter Medawar, Rupert Billingham ndi Leslie Brent anasonyeza pa mbewa kuti thupi likhoza kuphunzitsidwa kulolera. Mu 1984 Suzanne Ildstad ndi David Sachs anasonyeza kuti mbewa yokhala ndi mafuta a m'mafupa osakaniza, ake ndi a wopereka, imalandira khungu la woperekayo koma imakanabe la mbewa yachitatu, kusonyeza kuti chitetezo chake chili moyo. Iwo anagwiritsa ntchito muyeso wakupha wa cheza, koma mu 1989 Yedida Sharabi ndi Sachs anautsitsa kufika pa 3 Gy thupi lonse ndi 7 Gy pa thymus, pothandizidwa ndi ma antibody, omwe ndi mapuloteni omatirira maselo a mtundu wosankhidwa, ochotsa maselo a T. Apa ntchito ya cheza ndi yongolambula malo m'mafupa kuti maselo a wopereka akhazikike. Ana a maselowo amakalowa mu thymus, yomwe ndi sukulu ya maselo a T, ndipo msilikali aliyense wofuna kuukira wopereka amachotsedwa asanamalize maphunziro. Ku Massachusetts General Hospital, Tatsuo Kawai ndi Benedict Cosimi anatengera njirayi pa apusi mu 1995, ndipo mu 2008 gulu lawo komanso la Strober ku Stanford analengeza za odwala a impso amene anasiya mankhwala ofooketsa chitetezo. Magulu onse awiri anagwiritsa ntchito cheza pa mbali ina ya thupi. Chokhudza ife n'chakuti pa apusi impso inkakhalabe ngakhale maselo a wopereka atazimiririka m'magazi, pamene tizilumba tinkakanidwa kusakanizako kukangotha. Impso imaoneka kuti imadzipembedzera yokha m'thupi lachilendo, mwayi umene tizilumba tilibe. Mu 2022 gulu la Seung Kim ndi Judith Shizuru ku Stanford linachiza mbewa zodwala shuga poika tizilumba ndi maselo a m'mafupa, likugwiritsa ntchito antibody yolimbana ndi CD117, chizindikiro cha pa maselo obala magazi, kuti ilambule malo pamodzi ndi cheza chochepa. M'zonsezi muyeso ukunka nutsika, ndipo mbali ya ntchito yomwe cheza chinkagwira ikutengedwa ndi ma antibody.

Pali mdani wachiwiri amene ofufuza ena amamulambalala. Shuga wa mtundu woyamba amayamba chifukwa chitetezo cha munthu chimaukira maselo ake omwe, ndipo chitetezocho sichiiwala. M'zaka za m'ma 1980 gulu la David Sutherland ku Minnesota linaika zidutswa za kapamba pakati pa mapasa ofanana popanda mankhwala, poganiza kuti palibe chokanidwa, koma patangotha milungu kapena miyezi yochepa maselo opanga insulini anaonongedwanso, mbali ina yonse ya chiwalocho ili bwinobwino. Mbewa yodwalitsidwa ndi streptozotocin ilibe mdani ameneyu, choncho kuichiza ndi kuyankha theka la funso. Nyama zodwala zokha mofanana ndi munthu zilipo, monga khoswe wa BB yemwe anapezeka ku Ottawa mu 1974 ndi mbewa ya NOD yomwe inalengezedwa ku Japan mu 1980, ndipo mbewa ya NOD imadziwika kuti ndi yovuta kuiphunzitsa kulolera.

Mtsutso wotentha unabuka masana a tsiku lomaliza. Dokotala wina wa matenda a shuga ananena kuti wodwala mtima kapena chiwindi akapanda kulandira chiwalo amafa, pamene wodwala shuga ali ndi insulini kuyambira 1922, choncho n'kovuta kumupempha kuti alandire cheza, podziwa kuti ochira khansa ya Hodgkin ena anadzadwala khansa ya m'mawere, ya m'mapapo ndi matenda a mtima patapita zaka. Womuyankha anati mankhwala omwa moyo wonse nawonso si abwenzi, pakuti mankhwala ofooketsa chitetezo a tacrolimus amaononga impso komanso maselo omwewo opanga insulini, ndipo njira yoika tizilumba ya ku Edmonton ya James Shapiro, yomwe mu 2000 inamasula odwala 7 ku jakisoni, patatha zaka 5 inapezeka kuti pafupifupi wodwala mmodzi yekha pa 10 ndiye anali asanabwerere ku insulini. Maganizo anga ali pakati, koma atsamira kwa dokotala wa matenda a shuga uja. Sindikuona chifukwa choti lero nyama izunzike ndi cheza chochuluka pongofuna kusonyeza kuti chiwalo chakhala masiku ochulukirapo, popeza zimenezo zinayankhidwa kale pa anyani m'zaka za m'ma 1980. Kafukufuku woyenera kumumvera ndi wofuna kutsitsa muyeso, kapena wofuna kulolera kokhalitsa kumene kungamasule wodwala ku mankhwala.

Potero ndikupempha kuti pempho lililonse la mtunduwu tizilifunsa poyamba kuti cheza chikukagwira ntchito yanji, kaya kupha asilikali, kulambula malo m'mafupa kapena kuchotsa maselo okwera nawo, ndipo wofufuza wolephera kuyankha momveka abwezedwe kukakonza. Azilemba gwero la chezacho, muyeso wonse, kagawidwe kake, ziwalo zophimbidwa ndi tsiku limene makina anayezedwa komaliza, chifukwa caesium-137 imachepa mphamvu ndi theka pa zaka pafupifupi 30 ndipo cobalt-60 pa zaka 5 ndi miyezi ingapo, komanso gray imodzi ya X-ray sigwira thupi mofanana ndendende ndi gray imodzi ya caesium. Atchule mtundu wa nyama, popeza mbewa ya BALB/c imafa ndi muyeso umene ya C57BL/6 imapirira, ndipo kukopera muyeso m'zolemba za ena popanda kuyesa kaye pa nyama zochepa ndi njira yotayira nyama zambiri pachabe. Anene chiwerengero cha shuga chimene adzachitche kukanidwa kwa chiwalo asanayambe, pakuti magulu amasiyana pa malire amenewa, ndipo alonjeze kuchotsa chiwalocho pamapeto monga umboni ndi kuchiyang'ana pa maikulosikopu. Pa chisamaliro, sabata yachiwiri cheza chitaperekedwa ndi pamene magazi amatsika kwambiri, choncho tifune kuona ndondomeko ya kuyeza kulemera tsiku ndi tsiku, chakudya chofewa choikidwa pansi pa bokosi, madzi oyera, ndi malire omveka a pamene nyama idzaphedwe mwachifundo. Ambiri amaika malirewo pa kutaya magawo 20 pa 100 a kulemera, koma nyama yodwala shuga imakhala itaonda kale, moti muyeso umenewu tiyenera kuukambirana ndi dokotala wathu wa ziweto tisanautenge. Mfundo zitatu za William Russell ndi Rex Burch za mu 1959, zosintha nyama ndi njira ina, kuchepetsa chiwerengero ndi kuchepetsa ululu, zikugwira ntchito pano monga pena paliponse, ndipo pa anyani ndi apusi ndikupempha kuti tisavomere kanthu kamene sikanasonyezedwe kaye pa mbewa ya NOD kapena nyama ina yodwala yokha.

Zolemba zanga za pamanja ndi chithunzi chojambula cha kabokosi ka mtovu kaja ndazisiya kwa a Mlembi. Ndikupempha a Wapampando kuti nkhani ya malire a kuonda iikidwe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wathu wotsatira, ndiponso kuti tiitane katswiri woyeza cheza adzakhale nafe tsikulo, popeza pakati pathu palibe amene angawerenge chikalata cha kayezedwe ka makinawo n'kunena ngati chili cholondola.

Ine nthumwi yanu.